TSIKU LA 4 OKOTOBALA: UMO NKHONDO YA M'MOZAMBIQUE INATHERA PA BWALO

Pa kalendala wa anthu a m'dziko la Mozambique, tsiku la 4 Okotobala lilembedwa ndi inki yofiira. Tsikulo akulu sapita ku nchito, ndi ana salowa m'sukulu, pakuti ndilo tsiku lokumbukira mtendere ndi ciyanjano. Pa tsiku lomwelo, caka ca 1992, amuna awiri amene asilikali ao anaphana zaka 16 analemba maina ao pa cipangano cimodzi m'mzinda wa Roma, nagwirana canza. Wina anali Joaquim Chissano, mtsogoleri wa Boma ndi wa cipani ca Frelimo. Mnzace anali Afonso Dhlakama, mtsogoleri wa gulu la Renamo, limene linali kumenya nkhondo m'thengo.

Nkhani iyi siiri ya kutali ai. Akulu akulu a m'maboma a Chadiza, Katete ndi Petauke akumbukira bwino zaka zoyambira 1987, pamene anthu a zida analikuoloka malire usiku, natentha nyumba, nalanda ng'ombe ndi cimanga, napha anthu osalakwa. Akumbukiranso alendo aja ofika ndi mitolo pamutu kucokera ku Tete, ambiri a iwo olankhula cinenero comwe ca kuno. Boma linawapatsa malo ku Ukwimi, m'dera la Petauke, ndipo kumeneko kunakhala anthu oposa 20,000. Ku Malawi anathawirako oculuka koposa, ngati 1,000,000. Moto wa kwa mnansi unapsereza ndi mipanda ya kuno. Cifukwa cace nkoyenera kuti owerenga adziwe umo moto uja unazimira, ndi anthu amene anatunga madzi.

Ciyambi ca nkhondo

Mozambique analandira ufulu kucokera kwa Apwitikizi pa 25 Juni 1975, ndipo Samora Machel anakhala mtsogoleri woyamba. Boma latsopanolo linathandiza anthu omenyera ufulu wa Zimbabwe; cotero Azungu olamulira Rhodesia, pofuna kubwezera, anasonkhanitsa Amozambique ena okwiya ndi Frelimo, nawapatsa mfuti, nawaphunzitsa nkhondo. Ndiko kubadwa kwa Renamo. Zimbabwe atalandira ufulu mu 1980, Boma la tsankho la South Africa linatola gululo nililera, ndipo linakula msanga.

Koma mbeu ya mlendoyo inapeza nthaka yolimidwa kale. Boma la Frelimo linali litacita zinthu zina zowawitsa mitima ya anthu a m'midzi. Linacotsa mafumu pa mipando yao, liri kunena kuti anali anchito a Apwitikizi. Linanyoza miyambo ya makolo. Linalanda masukulu ndi zipatala za mamishoni. Linakakamiza anthu kusiya minda ndi manda a makolo ao kukakhala m'midzi yaikulu ya Boma. Ndipo mu 1983 linagwira anthu ambiri m'mizinda amene linawayesa malova, niliwatumiza ku minda ya kutali ku Niassa. Cotero analipo ena amene analandira Renamo ndi manja awiri.

Zimene anacita a Renamo nzoopsa kuzisimba. Anatentha masukulu ndi zipatala, anadula anthu makutu, mphuno ndi milomo, anagwira ana ang'ono nawaphunzitsa kupha. Ku Homoine, mu Julai 1987, anaphedwa anthu oposa 400 tsiku limodzi. Boma linati ndi Renamo, eni ace anakana. Asilikali a Boma naonso manja ao sanali oyera. Onse amene anafa ndi nkhondoyo, pamodzi ndi njala ndi matenda zimene inabala, awerengedwa ngati 1,000,000.

Mlandu wa dzina

Cinthu coyamba cimene cinatseka njira ya mtendere sicinali mfuti kapena cuma, koma dzina. Boma silinafune konse kuchula a Renamo ndi dzina lao. Pa wailesi ndi m'manyuzipepala linangoti acifwamba a zida. Tsono munthu sapangana ndi wacifwamba. Amgwira, kapena amupha. A Renamo naonso anati Frelimo si Boma ai, popeza palibe amene analisankha, koma kagulu kolanda dziko.

Aliyense amene anakhalapo pa bwalo la mfumu adziwa kuti mlandu wotere suweruzika. Munthu akayesa mnzace fisi, sangakhale naye pa mphasa imodzi. Ndico cifukwa cace nduna yanzeru, isanafunse za mbuzi yobedwa kapena za malire a dimba, iyamba yakumbutsa eni mlandu za cibale cao, kuti agogo ao anabadwa bere limodzi, kuti anaika maliro pamodzi caka cakuti, kuti ana ao asewera pa bwalo limodzi. Wosadziwa angayese kuti ndunayo iri kutaya nthawi. Koma iyo iri kubwezera anthu awiriwo maina ao, kuti pamene mau owawa ayamba kuturuka, aturuke pakati pa anthu, si pakati pa munthu ndi cirombo. M'Mozambique nchito yobwezera maina inatenga zaka.

Machel anayesa njira yina poyamba. Mu Malici 1984 anapangana ndi Boma la South Africa pa mtsinje wa Nkomati, kuti lileke kudyetsa Renamo. Anayesa kuti akadula muzu mtengo udzauma wokha. Sunaume. Thandizo linapitirira mobisa, kukambirana kwina kwa ku Pretoria caka comweco kunalephera, ndipo nkhondo inakula. Machel anafa pa ngozi ya ndege mu Okotobala 1986, ndi Chissano analowa m'malo mwace.

Pa zaka zimenezo mabishopu a Cikatolika analemba makalata owerengedwa m'machalichi, onena kuti nkhondo iyi palibe adzaipambana, ndi kuti Boma liyenera kulankhula ndi Renamo. Atsogoleri a mipingo ya Ciprotestanti, m'bungwe lao la Christian Council of Mozambique, anapita kwa olamulira ndi pempho lomwelo. Manyuzipepala a Boma ananyoza mabishopu, nawayesa opereka dziko.

Owerenga asafulumire kutsutsa onyozawo. Funso lao linali lolemera: kodi nkoyenera kukhala pansi ndi anthu odula milomo ya akazi? Mai amene mwana wace anaphedwa pamaso pace, akamva kuti Boma liri kumwa tiyi ndi mtsogoleri wa akuphawo, adzati ciani? Funsolo liribe yankho lokoma. Atsogoleri a mipingo sananene kuti a Renamo ngosalakwa. Anangowerenga maliro. Anaona kuti caka ciri conse cimene Boma likana kulankhula, midzi yina ipsa, ndipo asilikali ogonjetsa Renamo kulibe. Anaonanso kuti anyamata ambiri a m'thengo anacita kugwidwa, ndi kuti amai ao analikupemphera m'machalichi omwe aja pamodzi ndi amai a ophedwa.

Anthu anai opanda asilikali

Mmodzi wa mabishopuwo anali Jaime Gonçalves wa ku Beira. Mu 1976, ali ku Roma, anapalana ubwenzi ndi kagulu ka Akristu ochedwa Sant'Egidio. Awa sanali akulu a Boma kapena a Eklesia; anali anthu wamba, aphunzitsi ndi anchito ena, amene anayamba kusonkhana mu 1968 motsogozedwa ndi mnyamata Andrea Riccardi. Nchito yao inali kupemphera madzulo ndi kutumikira osauka a mumzinda. Dzina lao analitenga ku nyumba yakale ya masisitere m'mene analikusonkhana.

Bishopu anawauza za mabvuto a Akristu kwao. Iwo anaganiza njira yodabwitsa. Podziwa kuti atsogoleri a Frelimo analikulemekeza cipani ca Cikomyunizimu ca ku Italy, anamtengera bishopu kwa mtsogoleri wa cipanico, Enrico Berlinguer, kuti iye akalankhule ndi abwenzi ace a ku Maputo. Pang'ono pang'ono zoletsa zina zinacepa. Pa njala ya zaka za 1984 ndi 1985 a Sant'Egidio anatumiza cakudya ndi mankhwala pa ndege ndi pa sitima za pamadzi, ndipo nduna za Boma zinayamba kuwadziwa. Pambuyo pace, popempha kuti amishoni ena ogwidwa ndi Renamo amasulidwe, anadziwananso ndi a m'thengo.

Apa pali phunziro loyenera kulisunga. Kucokera pa ubwenzi woyamba kufikira tsiku limene mbali ziwiri zinakhala pansi panapita zaka 14. Nkhoswe sasankhidwa tsiku la ndeu. Ndiye uja anakhalapo pa cikwati, nabwera ndi nkhuku pobadwa mwana, nagona pa maliro. Cotero tsiku lobvuta akagogoda, citseko citseguka. Munthu wosaonekera m'mudzi masiku a mtendere, mau ace alibe kulemera masiku a mkangano, angakhale abwere ndi mabuku ambiri.

Mu 1988 Gonçalves anapita mobisa ku Gorongosa, kumene kunali likulu la Renamo, nalankhula ndi Dhlakama maso ndi maso. Onse awiri anali a mtundu wa Andau, olankhula cinenero cimodzi. Ici cinamtsegulira khomo kuthengo, koma cinacititsanso ena a Boma kumkayikira. Ndiwo mtolo wa mkhalapakati aliyense: mbali iyi imuyesa kazitape wa mbali iyo.

Caka cotsatira, 1989, Chissano analola atsogoleri a mipingo kukaonana ndi Renamo ku Nairobi. Anapita Kardinala Alexandre dos Santos wa ku Maputo, Gonçalves, Bishopu Dinis Sengulane wa mpingo wa Anglican, ndi Mbusa Mucache. Ananyamula pepala la Boma la mfundo 12, ndipo Dhlakama anabweza lace la mfundo 16. Pamenepo atsogoleri awiri a maiko, Daniel arap Moi wa Kenya ndi Robert Mugabe wa Zimbabwe, anapemphedwa kukhala pakati. Sizinayende. A Renamo anati Mugabe sangaweruze mlandu pamene asilikali ace ali m'Mozambique kumenyana nao. A Boma anaona kuti Kenya apendekera kwa Renamo. Mu Juni 1990 msonkhano unakonzedwa ku Blantyre, nthumwi zinayenda ulendo, koma mbali ziwirizo sizinakhale pansi pamodzi ngakhale ola limodzi.

Kumene analephera atsogoleri a maiko, kunatsala anthu opanda asilikali, opanda migodi kapena njanji yoti aiteteze m'Mozambique. Pa 8 Julai 1990 nthumwi za mbali ziwiri zinakomana m'nyumba ija ya Sant'Egidio ku Roma. Za Boma anazitsogolera Armando Guebuza, za Renamo Raul Domingos. Pakati pao panakhala anthu anai: Andrea Riccardi, wansembe wa kagulu kaja Bambo Matteo Zuppi, Bishopu Gonçalves, ndi Mario Raffaelli, woimira Boma la Italy. Kufoka kwao ndiko kunali mphamvu yao, pakuti palibe amene anawaopa.

Potsegula msonkhano Riccardi anakumbutsa uphungu wa Papa Yohane XXIII, wakuti anthu osiyana ayambe afuna cimene ciwagwirizanitsa, cowalekanitsa aciike pambali poyamba. Atatha masiku atatu anaturutsa kalata yaifupi. Munalibe mau oletsa nkhondo, munalibe za masankho kapena za asilikali. Koma munali cinthu cimodzi cimene sicinamvekepo ndi kale lonse: mbali ziwirizo zinabvomerezana kuti onse ali ana a dziko limodzi, ndi a banja limodzi lalikulu la Mozambique. Wacifwamba uja anasanduka mbale. Akulu anati cibale ndi pfupa, siciola. Koma pfupa limeneli linali litakwiririka zaka zambiri, ndipo panafunika anthu olifukula.

Miyezi 27

Amene anayesa kuti nkhondo idzatha mwezi wa mawa anakhumudwa. Kukambirana kunatenga miyezi 27, pa misonkhano 11, ndipo nthawi yonseyo mfuti sizinaleke kulira. Mu Disembala 1990 anagwirizana cinthu cimodzi cocepa, kuti asilikali a Zimbabwe akhale m'mbali mwa njira ziwiri zokha, ya ku Beira ndi ya ku Limpopo, ndi kuti Renamo isaukire njirazo. Ngakhale cimeneci cinabala kunenezana. Mwezi wa Novembala caka comweco Boma linali litalemba malamulo atsopano a dziko olola zipani zambiri; a Renamo m'malo mokondwa anakwiya, nati Frelimo yaphika yokha nsima imene anayenera kuphikira pamodzi.

Masabata ena nthumwi sizinafune ngakhale kuonana nkhope. Pamenepo akhalapakati analikuyenda ndi mapepala kucokera ku nyumba yogona awa kunka ku nyumba yogona awo, kusintha liu limodzi, kubwerera, kusinthanso. Nthawi zina anakwera ndege kunka ku Africa kukalankhula ndi Chissano ndi Dhlakama eni ace. Sanakakamize munthu, popeza analibe cokakamizira. Ndipo anakana kulemba okha cipangano ndi kuuza eni mlandu kuti saina apa. Anadziwa kuti mau oikidwa m'kamwa mwa munthu ndi wina, iye awalabvula pofika kunyumba.

Kwao anthu anatopa. Manyuzipepala analemba monyoza kuti nthumwi ziri kunenepa ndi zakudya za ku Roma pamene ana ali kufa. Akristu a m'maparishi anasonkhanitsa makalata ndi maina oculuka opempha mtendere, natumiza ku Roma, ndipo akhalapakati anaika mitoloyo pamaso pa nthumwi. Kudandaula kwa anthuwo kunali koona. Munthu aliyense amene anafa m'miyezi imeneyo anafa pamene akulu analikukangana za mau. Koma kuona maso a nkhono nkudekha. A Renamo anali anthu a m'thengo, osazolowera malamulo ndi mapepala, oopa kuti akasaina cinthu cosacimvetsa adzagwa m'mbuna. Akadafulumizidwa akadathawa monga anathawira ku Blantyre.

Mfundo yaikulu inamasuka pa 18 Okotobala 1991, patapita miyezi 15. Ndiyo yomwe ija ya dzina, koma tsopano yolembedwa monga lamulo. A Renamo analonjeza kuti nkhondo ikaleka adzamenyera zofuna zao ndi mau okha, pansi pa malamulo ndi maofesi a Boma limene liripo; ndiko kuti analibvomera kuti ndi Boma. Boma linalonjeza kuti silidzapanga lamulo lotsutsana ndi zimene agwirizana ku Roma. Ndiko kuti linabvomera kuti Renamo iri ndi liu pa za dziko. Citatha ici, zotsala zinayamba kuyenda: za zipani, za masankho, ndi mlandu wobvuta wa asilikali. Mu Juni 1992 maiko a America, Britain, France ndi Portugal, pamodzi ndi bungwe la United Nations, analowa monga openyerera, pakuti kagulu ka opemphera sikakanatha kulonda mfuti kapena kulipira asilikali.

Sikuyenera kunena kuti anthu anai aja anathetsa nkhondo okha. Dziko lapansi linali litasintha. Soviet Union, imene inalikuthandiza Frelimo, inapasuka mu 1991. Ku South Africa Nelson Mandela anaturuka m'ndende mu 1990, ndipo odyetsa Renamo anayamba kubweza dzanja. Pamwamba pa izi panagwa cilala ca 1992, caka cija anthu a kuno anadya cimanga cacikasu cocokera kunja. M'midzi ya m'Mozambique munalibenso cakudya coti asilikali alande, ndipo mbali zonse ziwiri zinagona ndi njala. Cipatso cinali citapsa. Koma cipatso cakupsa cikasowa wocichola cigwa pansi niciola.

Mu Ogasiti 1992 Chissano ndi Dhlakama anaonana nthawi yoyamba ku Roma. Mugabe, uja anakanidwa poyamba, ndiye anathandiza kuwakomanitsa, pamodzi ndi Tiny Rowland, mkulu wa kampani ya Lonrho. Anapangana kutsiriza pa 1 Okotobala. Dhlakama anacedwa kufika, mitima ya anthu inali m'mwamba, ndipo cipangano cinasainidwa pa Sondo, pa 4 Okotobala, tsiku limene Akatolika akumbukira Fransisko Woyera wa ku Assisi.

Cimene cinadabwitsa ambiri ncakuti mfuti zinalekadi kulira. Ku Angola, mwezi womwewo, nkhondo inabukanso atatha masankho, cifukwa anthu anaponya mavoti magulu a nkhondo asanatule zida. A United Nations anatengapo nzeru. M'Mozambique anatumiza asilikali ambiri olonda mtendere, pakati pao gulu la asilikali a Zambia, ndipo masankho anacedwetsedwa caka cathunthu kufikira asilikali a mbali ziwiri atasonkhanitsidwa m'misasa ndi kubwezedwa kwao. Cipangano cinati gulu latsopano la nkhondo likhale la anthu 30,000, theka a Boma, theka a Renamo. Koma olola kulowamo sanafike ngakhale theka la ciwerengeroco, pakuti anyamata anafuna makasu. Masankho anacitika mu Okotobala 1994. Chissano anapambana, m'nyumba ya malamulo ya mipando 250 Frelimo inatenga 129, Renamo 112. Othawa nkhondo oposa 1,500,000 anabwerera kwao, ndi a ku Ukwimi omwe.

Cimene pepala silinathe kucita

Cipangano ca ku Roma cinayanjanitsa atsogoleri. Koma msilikali sabwerera ku Roma. Abwerera kumudzi, kumene mkazi wamasiye wa munthu amene iye anamupha atunga madzi pa citsime comweco. Mwezi womwe uja wa Okotobala 1992 nyumba ya malamulo inapanga lamulo lokhululukira zonse zocitidwa pa nkhondo, za mbali zonse ziwiri. Palibe anaimbidwa mlandu, palibe anafunsidwa. Nchito yotsala inagwera anthu a m'midzi, ndipo iwo anaigwira ndi zida zimene anali nazo.

M'madera ambiri mnyamata wobwera ku nkhondo sanaloledwe kulowa m'nyumba tsiku lomwelo. Abale anamcingamira kunja kwa mudzi. Zobvala zace za kuthengo anazitentha. Ena anamsambitsa mankhwala kumtsinje, namuuza kuti pocoka asaceuke. Akulu anauza mizimu ya makolo kuti mwana wao wabwera. Zitatha izi anadya nao m'mbale imodzi, ndipo za kunkhondo sizinachulidwenso. Owerenga a kuno sadzadabwa nazo, pakuti Angoni ndi Acewa akale analikudziwa cirope, misala yogwira munthu wokhetsa mwazi ngati sanasambe. M'mipingo anacita mwa njira yao: wobwerayo anaimirira pamaso pa Akristu, naulula, namupempherera, namlandira.

Mkristu angasiyane maganizo ndi asing'anga pa za mizimu. Koma mwambo uja unagwira zinthu ziwiri zoona. Coyamba, mwazi wa munthu si cinthu capafupi, kuti wakupha angosamba m'manja nakhala pa nsima. Caciwiri, wakuphayo akhoza kubwezedwa, nakhalanso mwana wa m'mudzi. Cimene akulu anacita pa pepala ku Roma, anchembere ndi madoda anacicita pa mtsinje: anacotsa dzina la cirombo, nabwezera dzina la mwana.

Koma panali cosowa, ndipo cosowaco sicicepa. Pa bwalo la makolo mlandu sutha ndi kusamba kwa wolakwa. Wolakwiridwa anena zonse za kumtima kwace pamaso pa anthu. Wolakwa abvomera ndi pakamwa pace. Ndipo apereka cipepeso, kapena nkhuku, kapena mbuzi, kapena ng'ombe, cosalingana ndi cotayikaco, koma cosonyeza kuti mlandu wadziwika. M'Mozambique ambiri olakwiridwa sanafunsidwe kanthu. Anauzidwa kuti aiwale. Ku South Africa anasankha njira yina: kuyambira 1996 bungwe lotsogozedwa ndi Bishopu Desmond Tutu linamva maumboni poyera, ndipo wofuna cikhululukiro anayenera kuyamba waulula zonse. Njira imeneyonso inali ndi zofoka zace, pakuti ambiri anadandaula kuti cipepeso cinacepa ndi kucedwa. Koma mkazi wamasiye anapatsidwa mpando ndi nthawi yonena dzina la mwamuna wace.

Mlandu suola. Ophunzira amene anakhala pakati pa anthu a ku Gorongosa analemba kuti patapita zaka zingapo kunabuka mizimu yochedwa magamba, imene anthu anati ndiyo ya asilikali akufa. Inalikugwira makamaka akazi, ndipo wogwidwayo analikunena mokweza zoipa zobisika za nthawi ya nkhondo, kufikira abale atasonkhana, nabvomera, nalipa. Munthu angaganize monga afuna za mizimuyo. Coonekeratu ncakuti mau oletsedwa pa bwalo anafuna khomo lina loturukira.

Mfuti ndi makasu

Cinanso cotsala cinali mfuti zobisidwa m'maenje ndi m'matsindwi. Mu 1995 Christian Council of Mozambique, motsogozedwa ndi Bishopu Sengulane uja wa ku Nairobi, inayamba nchito yosinthanitsa zida. Dzina la nchitoyo linatengedwa m'buku la Yesaya, mutu 2, pamene mneneri anena za zida za nkhondo zosulidwa kukhala zida za kumunda. Wobwera ndi mfuti sanafunsidwe dzina kapena kumene anaitenga. Analandira khasu, njinga, makina osokera kapena malata, monga mwa kuculuka kwa zimene anabweretsa. Mfutizo anazidula pomwepo, ndipo amisiri a ku Maputo anaumba nazo zifanizo. Cimodzi ca izo, mtengo wopangidwa ndi zidutswa za mfuti zokha zokha, cinaikidwa m'nyumba ya British Museum ku London mu 2005.

Angakhale zinatero, si mfuti zonse zinaturuka. Dhlakama anasunga gulu la omlonda, ndipo cipangano sicinatseke bwino mpata umenewo. Pa masankho onse otsatira Renamo inagonja, niinena kuti yaberedwa. Anthu ace anadandaula kuti m'gulu la nkhondo ndi la polisi akankhidwira pambali, ndi kuti cuma ca dziko cidyedwa ndi a cipani cimodzi. Dzina la mbale analandira, koma pa mphasa ya banja anaona kuti malo ao ngocepa. Akhalapakati anali atabwerera ku nchito zao, ndipo panalibe nkhoswe yoyendera banjalo kuona ngati malonjezo asungidwa.

Mu 2012 Dhlakama anabwerera kuthengo ku Gorongosa, ndipo mu 2013 mfuti zinaliranso pa miseu ya pakati pa dziko. Anapangana mu 2014, nayambananso. Mu 2015 ndi 2016 anthu zikwi zingapo a ku Tete anathawiranso ku Malawi, ku Kapise m'boma la Mwanza, ena a iwo ana a othawa aja oyamba. Nkhondo iyi inali yaing'ono poilinganiza ndi yakale, koma inaonetsa kuti bala linapola pamwamba pokha. Bishopu Gonçalves anamwalira mu 2016 mfuti ziri kulira.

Nthawi iyi atsogoleri anafulumirako kulankhulana. Pulezidenti Filipe Nyusi ndi Dhlakama anayamba kukambirana pa lamya, ndipo mu Disembala 2016 nkhondo inaima. Mu 2017 Nyusi anapita yekha ku Gorongosa kukaonana naye. Dhlakama anamwalira komweko ndi matenda mu Mei 2018, nchito isanathe. Koma wolowa m'malo mwace, Ossufo Momade, anaipitiriza, mothandizidwa ndi kazembe wa dziko la Switzerland, Mirko Manzoni. Cipangano catsopano cinasainidwa ku Maputo pa 6 Ogasiti 2019. Nkhondo yina imene inabuka kumpoto, ku Cabo Delgado, mu 2017, ndi ya anthu ena ndi zifukwa zina, ndipo cipangano ici sicinaikhudze.

Pa kukambirana kwatsopanoku anasamala zimene zinasiyidwa mu 1992. Akazembe a zigawo za dziko anayamba kusankhidwa ndi mavoti, m'malo moikidwa ndi Pulezidenti. Ena a Renamo anapatsidwa maudindo m'gulu la nkhondo ndi la polisi. Ndipo otula zida analonjezedwa penshoni, kuti nkhalamba isabwerere kumudzi cimanjamanja. Misasa ya kuthengo inatsekedwa umodzi umodzi, ndipo amuna ndi akazi 5,221 anatula zida zao. Msasa wotsiriza, wa ku Vunduzi m'dera la Gorongosa, unatsekedwa mu Juni 2023, patapita zaka 30 ndi miyezi 8 cisainire cipangano ca ku Roma. Ambiri a oturuka m'misasayo anali ndi imvi.